Ndinasiya Dothi la Maliro Kuthamangira Mphesa za ku France

Mukadzafika ku Doha n'kufunsa Amalawi za Macfussy, ena adzaseka, ena adzayang'ana kumbali ngati sanamve. Osekawo ndiye achifundo. Kuno sanditchulanso dzina langa, amangoti "Bambo Mphesa," ndipo obwera kumene amalidziwa dzinali asanadziwe n'komwe pokwerera basi. Nkhani yanga ndakhala ndikuimva m'kamwa mwa anthu ena, aliyense akuthira mchere wake. Lero ndati ndiifotokoze ndekha, manyaziwo andigwirire kumodzi.

1

Ndine akauntanti pa hotela ina ya m'mbali mwa nyanja. Mkazi wanga Esnat ndi mphunzitsi ku Lilongwe, ndipo amakhala ndi ana athu awiri, Lilly ndi Chiza. Pagulu la Amalawi amene timapemphera limodzi Lachisanu ndinali mkulu wolemekezeka. Wina akadwala ankaimbira ine, wina akayambana ndi abwana ake ankaimbira ine, kumudzi denga likasasuka ankaimbiranso ine yemweyo. Ndipo aliyense ankadziwa kuti a Macfussy mowa salawa.

Mliri wa korona utavuta mu 2020, malo odyera ndi omwera a pahotela pathu anatsekedwa. Abwana anandituma ku chipinda chosungira vinyo kuti ndikaone ngati katundu ali bwinobwino. Ndi chipinda cha pansi, chozizira, chachete, ndipo foni sigwira m'menemo. Ntchito ya tsiku limodzi ndinaikoka mpaka sabata. Ndinkangokhala pa bokosi n'kumawerenga mayina a pa mabotolo: Pommard, Meursault, Volnay. Katchulidwe kake sindinkakadziwa, koma ankandikoma m'kamwa.

Woyang'anira vinyoyo anali bambo wina wa ku South Africa amene ntchito inali itamuthera chifukwa cha mliri womwewo. Tsiku lotsanzika anandithirira pang'ono m'tambula kuti ndilawe. Kunena chilungamo, anandiwawa ngati mankhwala a malungo, koma ndinagwedeza mutu ngati kadaulo. Kenako anandipatsa mapu a chigawo cha Burgundy ku France. Anati mayina onse aja ndi midzi yeniyeni ya alimi a mphesa, ndipo munthu akhoza kuiyendera pa njinga yakapalasa, kumalowa munda uwu ndi uwo, kumalawa.

Mapuwo ndinakawamata kuseri kwa chitseko cha wadirobu m'nyumba imene ndimakhala ku Bin Omran, kuti alendo a mpingo asawaone. Povala m'mawa uliwonse ndinkawayang'ana.

2

Chaka chotsatira, titabayitsa katemera, maulendo anayamba kutseguka pang'onopang'ono. Ndinayamba kukonza ulendo wanga mwakachetechete, ndipo sindinama, palibe chinthu chimene ndinachikonzapo mwaluso chonchija pa moyo wanga, ngakhale ukwati wanga umene.

Ndinasankha mwezi wa Seputembala chifukwa ndiyo nthawi yokolola mphesa. Viza inandizunguza mutu koma inatuluka. Njira ndinailemba pa mapu paja ndi cholembera chofiira: ndege mpaka Paris, sitima mpaka Dijon, ina yaing'ono mpaka tauni ya Beaune, kenako njinga. Ndinaphunzira kuti minda ina sulowa usanapangane ndi eni ake, kuti polawa umayamba ndi vinyo woyera, wofiira n'kubwera pambuyo, ndiponso kuti odziwa sameza, amalavulira m'kachidebe. Ndinagula tambula ya mwendo wautali n'kumayeserera kuizunguza ndi Sobo, mphuno nditailowetsa m'kati, bambo wamkulu wa ana awiri. Dzuwa likapepa ndinkabwereka njinga n'kumapalasa kuti miyendo isakandichititse manyazi pamaso pa Azungu.

Ndiye panali Odile. Ndinamupeza pa intaneti ndikufufuza za ulendowu, ndipo posakhalitsa tinayamba kulemberana pafupifupi tsiku lililonse. Ankanditumizira zithunzi za mphesa mmene zikupsera, komanso mauthenga a mawu m'Chingerezi chake chopindikapindika. Dzina langa ankalitchula mokoka kumapeto, ngati akuliimba. Ankati ndifulumire mphesa zisanathe, ndipo windo la kuchipinda layang'ana kumunda. Mauthengawo ndinkawamvera mobwerezabwereza, ndikumwetulira ndekha. Esnat akaimba ndili pakati pa uthenga wa Odile, ndinkadula n'kulemba kuti ndili pamsonkhano.

Mkazi wanga ndinamuuza kuti chaka chimenecho tchuthi andikaniza chifukwa antchito achepa. Anadandaula, koma anandilimbitsa mtima kuti ntchito ndiyo ikutidyetsa. Apo ndinaona ngati zonse ndamanga bwino.

3

Lachisanu lina chakumadzulo, titatuluka ku mapemphero, tinapita kukaongola miyendo ku Corniche, msewu wa m'mbali mwa nyanja, monga mwa chizolowezi chathu. Ndinkayenda ndi mlamu wanga Wickson, mchimwene wake wa Esnat. Iyeyu anabwera kuno ngati mlonda, koma lamulo litasintha kuti munthu akhoza kusintha ntchito popanda kupempha kalata kwa abwana ake akale, anapeza malo oyendetsa galimoto ya banja lina ku Nuaija. Anali atangoyamba kumene, ndipo ntchitoyo ankaigwira ngati dzira.

Tikuyang'ana mabwato, anandigwira paphewa.

"Alamu, tamva kuti mwatenga livi. A Cassim a pageti panu paja atiuza. Ndiye mumati muzembe kupita kumudzi ife osadziwa?"

Ndikanatha kunena kuti ndikungopuma m'nyumba. Ndikanatha kunena kuti a Cassim anamva molakwika. Koma Mmalawi wa kuno akatenga tchuthi amapitanso kuti? Funso limenelo lili ndi yankho limodzi, ndipo pakamwa panga panatsogola mutu usanaganize.

"Eee, alamu, ndikupitadi," ndinatero. "Koma achemwali anu musawauze. Ndikufuna ikhale sapulaizi."

Wickson anaseka mpaka kugwira m'mimba. "Khalasi, yatha basi, alamu, pakamwa panga ndakhoma loko. Koma anzathuwa nde sindingawabisire, mukudziwa nokha."

Ndinadziwadi. Tisanafike pokwerera basi, nkhani inali itafika kale kwa amayi amene ankayenda kumbuyo kwathu, ndipo mmodzi anali atayamba kundifunsa kuti ndege yanga imalola zikwama zingati.

4

Kuno munthu wopita kumudzi sapita ndi chikwama chake chokha. Amanyamulira aliyense, ndipo kukana n'kudzichotsa pakati pa anthu. Tsono nthawi imeneyo anthu anali atakhala nthawi yaitali osapita kwawo, poopa kuti akatuluka savomerezedwa kubwerera. Katundu amene anadikira mliri wonse anathera kwa ine. Anabweretsa mafoni, nsapato za ana, mafuta onunkhira, zipatso za kanjedza, mabulangete, ndipo mayi wina anafika ndi poto wamagetsi ali m'bokosi lake. Pabalaza panga panasanduka sitolo ya Mmwenye. Ndinkalandira ndikumwetulira, mumtima ndikutukwana. Ndinadziuza kuti ndikabwerako ndidzangotumiza zonse pa kago, nkhani n'kutha.

Womaliza kubwera anali Wickson. Sanaseke tsiku limenelo. Anakhala pampando n'kutulutsa kachitini ka mkaka waufa, kokulungidwa ndi tepi mbali zonse.

"Ichi, alamu, musaike mu sutikesi. Chikhale m'manja mwanu mpaka ku Ntcheu."

Munali dothi la pamanda a Stafford.

Stafford anali mnzake wa Wickson wa mudzi umodzi, kwawo kwa mkazi wanga. Anabwera kuno limodzi ndipo ankagona chipinda chimodzi. Korona itamugwira anamupatula m'kachipinda kayekha, ndipo Wickson ndi amene anamupeza m'mawa atazizira kale. Ndege zinali zitaima, thupi silikanatheka kupita kwawo, choncho tinamuika ku manda a ku Dukhan, m'chipululu, anthu ochepa titaima motalikirana. Pemphero lomaliza ndinapereka ndine.

Kumudzi, mayi ake a Stafford, a Nangozo, anakana kumeta. Anati sangamete maliro a mwana amene kumanda kwawo kulibe ngakhale chikhadabo chake. Popanda kumeta, mkazi wa malemuyo, Eveless, sakanasudzulidwa. Anakhalabe pakhomo pa apongozi ake atavala zakuda, osabwerera kwa makolo ake, osapita kumsika kumene ankagulitsa tomato, kwa chaka ndi miyezi. Pomaliza akuluakulu anagwirizana kuti likapezeka dothi la pamanda ake, adzalikwirira pambali pa bambo ake, anthu amete, Eveless amasulidwe. Wickson atamva za ulendo wanga anapereka tsiku lake lopuma, anakwera takisi mpaka ku Dukhan n'kukatapa dothilo ndi manja. Iye sakanapita nalo poti pantchito yatsopano tchuthi kunalibe.

"Ndawauza kuti mufika Lachisanu, ndiye mwambo aika Loweruka lake," anatero. "Ayamba kale kuitana abale."

Chitinicho ndinachilandira ndi manja awiri. Imeneyo ndiyo inali nthawi yonena zoona, ndipo ndinaidziwa bwinobwino. M'malo mwake ndinati, "Musadandaule alamu, lifika." Atatuluka ndinachiika pamwamba pa filiji. Ndinadzitonthoza kuti munthu amene wadikira chaka chathunthu sangalephere kudikira masabata awiri ena. Maganizo amenewo ndi amene amandisowetsa tulo mpaka lero.

5

Tsiku loti mawa ndi ulendo ndinalemba pa gulu lathu la WhatsApp kuti pokayezetsa andipeza ndi korona, ulendo walephereka, ndipo achipatala andiuza kuti ndibindikire m'nyumba. Ndinatsindika kuti munthu asabwere, n'kuwonjezera kuti pakhosi pakupweteka moti foni sinditha kuyankha. Esnat ndinamulembera kuti ndadwala pang'ono, asade nkhawa. Mauthenga a mapemphero anayamba kugwa ngati matalala. Ndinayankha awiri atatu, kenako foniyo ndinaizimitsa n'kuikankhira pansi pa chikwama. Ndinali nditagula ina yoyendera, imene nambala yake ankaidziwa Odile yekha.

Lachinayi m'mawa ndinatuluka mozemba, chipewa nditachitsitsira kumaso. Potseka chitseko maso anga anagwera pa chitini chija pa filiji. Ndinayang'ana kumbali n'kukhoma.

Pa ulendowu ndinaganizira chilichonse. Ndinali ndi jekete la mvula, nsapato zoyendera m'matope, mankhwala a m'mimba, ngakhale mawu a Chifalansa othokozera. Chinthu chimodzi chokha ndinaiwala, chimene mwana wa ku nazale akanandikumbutsa. Mmalawi sadwala yekha.

6

Odile anandichingamira pa siteshoni ya Beaune n'kundipsompsona masaya onse awiri. Sindikunamizani kuti kunali koipa pofuna kuti mundimvere chisoni. Kunali kokongola. Mizere ya mphesa inakwera mapiri mpaka pomwe maso alekezera, mphepo inali yozizirira, anthu okolola ankaimba ali ndi madengu kumsana. Ndinapalasa njinga kuchokera mudzi uwu kupita mudzi uwo, ndinazunguza tambula, ndinanunkhiza, ndinalavula ngati mbadwa. Ndinagona tulo timene ndinali ndisanagonepo chibwerere ku Doha. Koma akuluakulu anati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Lamulungu tinapita ku munda wina pafupi ndi Volnay, gulu la alendo osiyanasiyana. Mwini mundawo, bambo wa manja okhakhala, anatiimika pakati pa mizere n'kufotokoza kuti kukoma kwa vinyo kumachokera pansi. Anati dothi la pamene taimapo n'losiyana ndi la tsidya la kanjira, ndipo agogo ake ankatha kuwasiyanitsa atatseka maso. Kenako anawerama, anatapa dothi n'kulithira m'dzanja la amene anali pafupi. Wapafupiyo ndinali ine.

Anati ndilinunkhize. Alendo anzanga anaseka, mafoni ali m'mwamba kujambula. Ine ndinangoima ndi dothi m'manja, ndipo m'mutu munabwera chinthu chimodzi: dzulo linali Loweruka. Ndinapempha kuti ndipite kuchimbudzi, ndinathamangira kunyumba ya alendo, n'kupisa pansi pa chikwama kutulutsa foni ija.

Itayaka inalira osalekeza, moti ndinaiika pabedi n'kumangoiyang'ana. Chithunzi choyamba chimene ndinaona chinali changa, cha tsiku la ubatizo wa Chiza, pansi pake atalemba kuti tiyeni tiwapempherere a Macfussy.

7

Zimene zinachitika ndinazilumikiza kuchokera m'mauthengamo, ndipo zina anandiuza pambuyo pake.

Lachinayi lomwelo amayi a mpingo anaphika phala, nkhuku ndi thobwa, anasiya pakhomo panga, anagogoda n'kuchoka poopa matenda. Lachisanu atabwera ndi zina anapeza zadzulo zili pomwepo. Anati mwina ndafooka, anasiya n'kuimba nyimbo imodzi pakhonde kuti ndimve. Wickson anaimba foni, osapezeka. Loweruka m'mawa anachonderera abwana ake n'kubwera yekha. Kutentha kwa kuno mukukudziwa. Chakudya chija chinali chitavunda, ndipo fungo linamulandira ali pamasitepe.

Munthu amene anapezapo mnzake atafa m'chipinda chotseka saganiza za nkhuku yoola. Wickson anagogoda mpaka zala kutupa, kenako anakhala pamasitepe n'kulira. Anaitana apolisi, ndipo podikira anaimbira ku Ntcheu.

Kumeneko anthu anali atasonkhana kale. Uthenga woti ndadwala unafika mochedwa, thobwa litaphikidwa, mbuzi itagulidwa, abale ochokera ku Blantyre ndi ku Mzuzu ali m'njira, ndiye akuluakulu anati angokumana apemphere. Esnat ndi ana analinso pomwepo. Foni ya Wickson inalira pakati pa nyimbo, ndipo Esnat atamva kuti sindikutsegula chitseko anagwa pansi. Ana anga anayamba kulira bambo awo. Akuti a Nangozo anadzuka pamkeka n'kuuza mpingo kuti, "Wangayo anapita kale, dothi lake lidikira. Tiyeni tigwadire wamoyoyu, mayi wina asaone zimene ndinaona ine." Tsiku la Stafford lonse linathera kupempherera ine, amene nthawi imeneyo ndinali pa njinga, botolo lili m'dengu.

Apolisi anathyola chitseko. Sanapeze mtembo. Anapeza mulu wa katundu wa anthu, chitini pa filiji, ndi wadirobu yotsegula, mapu ali poyera, pambali pa Beaune nditalemba dzina la Odile. Wapolisi mmodzi anafufuza pa makina ake n'kuuza Wickson, pamaso pa amayi onse amene anali atadzaza pakhonde, kuti m'bale wakeyo anatuluka m'dziko Lachinayi, kupita ku Paris. Chozemba chinakumana ndi chokwawa.

Uthenga womaliza wa Wickson unali waufupi: "Alamu, tathokoza Mulungu kuti muli moyo. Chitini ndatenga."

8

Ndinaimbira Esnat pa vidiyo. Ndinkayembekezera kukuwa, koma anangondiyang'ana, maso atatupa, mpango uli kumutu.

"Odile ndi ndani?" anafunsa.

Inunso owerenga mwakhala mukudikira funso lomweli, ndipo ndikudziwa zimene mwaganiza. Ndi zimene anaganiza Amalawi onse a ku Doha. Ndinapita pawindo n'kutembenuza kamera. Pansi, pabwalo, Odile ankamwaza chakudya cha nkhuku, atatsamira ndodo yake, amuna ake akumugwirizira mkono. Ndi gogo wa zaka zoposa za amayi anga, mwini wa nyumba ya alendo imene ndinafikiramo. Mauthenga okoma aja ankatumizira mlendo aliyense amene walipira chipinda.

"Ndiye mwapita ndi ndani?"

"Ndekha."

"Kukatani?"

Apo ndinanena chimene ndinali ndisanauzepo munthu, ngakhale ine mwini. Panalibe mkazi. Ngakhale vinyoyo sindinamukonde kwenikweni. Chimene ndinachikonda m'chipinda cha pansi chija chinali choti foni sinkagwira. Ndinkafuna malo amene palibe wondidziwa, kumene ndingadzuke m'mawa popanda wondipempha kanthu, wondiuza za denga, za fizi, za abwana ovuta. Ndinatopa. Tchuthi nditachipeza sindinafune kupita kwathu, chifukwa kwathu n'kumene opempha achuluka. Ndinafuna kupuma kwa anthu onse, ndipo mwa anthu onsewo munalinso iye ndi ana.

Esnat anayankhula motsitsa mawu.

"Bambo a Lilly, akanakhala mkazi ndikanadziwa chochita. Ndikanaitana ankhoswe, tikanakhala pansi, mwina ndikanakamukoka tsitsi. Koma inu mwathawa ife. Ankhoswe ndikawauze chiyani, kuti amuna anga atopa ndi ana awo?"

Anandiuzanso kuti za sapulaizi ija ankadziwa kuyambira pachiyambi, poti a kwa Stafford anauza apongozi anga. Sanandifunse kuti asandiwonongere chimwemwe. Nyumba anaipentetsa, ndipo ana ankayeserera madzulo aliwonse mmene adzadzidzimukire ndikadzagogoda. Atatero anadula foni.

9

Ndinabwerera ku Doha ndi ndege yoyamba imene ndinapeza. Pabalaza panali mbee, aliyense anali atatenga katundu wake. Chitseko chinali ndi loko watsopano, ndipo kiyi anabwera naye Wickson. Sanalowe. Ndinayamba kupepesa, ndinati tikiti yopita ku Malawi ndigula lero lomwe, chitini ndikapereke ndekha.

"Chitseko tinathyola ndife, ndiye takonzetsa," anatero. "Chitini chisiyeni, alamu. Mukanangonena kuti simukufuna kunyamula, bwenzi titapeza njira ina."

Njira inayo anaipezadi. Anapempha tchuthi kwa abwana ake, anamukaniza. Poti masiku ano munthu sadikiranso chilolezo cha abwana kuti atuluke m'dziko, anangowatsanzika n'kunyamuka, chitini chili m'manja. Tikiti anamusonkhera Amalawi anzathu, ndipo thandizo langa analibweza. Dothi linakwiriridwa, anthu anameta, Eveless anasudzulidwa. Ntchito ya ku Nuaija inapita kwa wina, ndipo Wickson lero ndi wakabaza wa njinga yamoto ku Ntcheu. Ine ntchito yanga ilipobe, ukulu wa mpingo wokha ndi umene ndinatula.

M'mwezi wa Disembala ndinapitadi kwathu. Ndinalengeza pa gulu, ndinabwerezanso pa Corniche pamaso pa onse. Anandifunira ulendo wabwino mwaulemu. Ndinadikira kugogoda pakhomo mpaka tsiku lonyamuka, koma palibe amene anabweretsa ngakhale sokosi. Pabwalo la ndege mtsikana woyeza katundu anandiuza kuti ndili ndi malo ambiri otsala, ngati pali china ndiwonjezere. Ufulu umene ndinkaulirira uja ndinaupeza, ndipo unali wowawa kuposa vinyo woyamba uja. Walira mvula walira matope.

Esnat sanandisiye, koma sanabwere kudzandichingamira. Patapita masiku angapo anandiuza kuti tikwere basi tipite ku Ntcheu, ndikaone manda. M'njira ndi mmene anandiuza kuti a Nangozo sanauzidwe zoona. Akuluakulu anaona kuti mtima wawo ndi wofooka, ndiye anangowauza kuti ndinapezeka ndili kuchipatala.

Titafika, Eveless, amene anabwera kudzazonda apongozi ake akale ndipo ankadziwa zonse, anaima pakhomo la khitchini osandipatsa moni. A Nangozo anandigwira manja onse awiri n'kumandisisita, misozi ikutsika.

"Mwachira mwanangu? Tinagwada tsiku lonse chifukwa cha inu. Onani Mulungu, wanga anamutenga koma inu anakubwezani."

Ndinayang'ana Esnat. Iye anayang'ana pansi, kundisiya ndekha ndi pakamwa panga. Ndinatsegula pakamwapo, ndipo chimene chinatuluka n'chakuti, "Ndachira, amayi." Potsanzikana a Nangozo anatuma munthu kuti agwire tambala wawo mmodzi yekhayo, anamumanga miyendo n'kundipatsa kuti ndikamwe msuzi, mphamvu zibwerere.

Abale anga owerenga, makamaka inu amene muli kunja ndipo foni zanu sizipuma, kutopa si tchimo. Ngakhale kulakalaka kukaona minda ya mphesa si tchimo, ilipo ndipo ndi yokongola. Ine chinandigwetsa n'chakuti ndinkafuna kupuma koma dzina la munthu wabwino ndisalitaye, ndiye mawu oti ayi anandikanika pa Corniche, anandikanikanso mlamu wanga atandipatsa chitini. Mukatopa nenani, anthu akhumudwe tsiku limodzi. Ndipo chinthu chimene simukafikitsa musachilandire ndi manja awiri.

Tambala uja ndinamulandira ndi manja awiri omwewo. Ndinamufukata pamiyendo m'basi kuchokera ku Ntcheu mpaka ku Lilongwe, Esnat atayang'ana pawindo njira yonse. Paulendo wonsewo, ndiye katundu yekhayo amene munthu anandikhulupirira naye.